NKHOKWE YOMANGIDWA NDI MANJA AMBIRI

Mau okambidwa pa msonkhano wa aphunzitsi a masukulu a misyoni a m'dera la Lukusuzi, onena za kulembetsa dzina ndi kupereka nkhani ku Wikipedia ya Cinyanja.

 Nkhani ya lero inena za nchito imene ilibe malipiro, ilibe woyendera masukulu wodzaiona, ndiponso siikweza munthu pa udindo. Komabe ndi nchito yoyenera mphunzitsi, pakuti ikhudza cinthu cimene iye acigwira tsiku ndi tsiku, ndico cinenero cimene ana ake aphunziramo kuwerenga.

Mwana wa kuno akauzidwa kuti alembe za mtsinje umene amatungako madzi, apeza kuti mabuku a sukulu achula Zambezi, Kafue ndi Luangwa, koma za Lukusuzi ali cete. Mkulu wake akamfunira pa foni, apeza mizere yowerengeka ya Cingerezi, yolembedwera alendo odzaona nyama. Pamenepo mwanayo aphunzira phunziro limene palibe anamphunzitsa: kuti za kwao siziyenera kulembedwa, ndi kuti nzeru zonse zikhala m'cinenero ca eni ake. Phunziro limeneli ndi loipa, ndipo likakhazikika mumtima libvuta kulizula. Mphunzitsi ali nayo njira imodzi yolitsutsira, ndiyo kulemba.

KODI WIKIPEDIA NCIANI?

Wikipedia ndi buku lalikulu la nzeru za mitundumitundu limene silisindikizidwa pa pepala, koma liwerengedwa pa intaneti, pa kompyuta kapena pa foni. Analiyamba Jimmy Wales ndi Larry Sanger ku America pa 15 January 2001, ndipo kuyambira 2003 lisamalidwa ndi bungwe losafuna phindu lochedwa Wikimedia Foundation. Bungwelo lisunga makina, koma nkhani sililemba. Olemba ndiwo anthu wamba okonda nchitoyi, amene amalemba madzulo atabwerako ku nchito zao, ndipo aliyense akonza pamene mnzake waphonya.

Bukuli lilipo m'zinenero zoposa 300, ndipo cinenero ciriconse ciri ndi nkhokwe yakeyake. Ya Cingerezi iri ndi nkhani zopitirira 6 miliyoni. Ya Ciswahili zoposa 50,000. Ya Citumbuka, imene anthu owerengeka anaikuza m'zaka zocepa, zoposa 10,000. Koma ya Cinyanja ingopitirira pang'ono nkhani 1,000, ngakhale olankhula Cinyanja ali mamiliyoni ambiri m'Zambia, m'Malawi, m'Mozambique ndi m'Zimbabwe. Nkhokweyo ndi yomanga kale, denga lake ndi lofolera, koma cimanga ciri pansi peni-peni. Palibe mlendo amene adzaidzaza. Eni munda ndiwo ayenera kusenza madengu.

NJIRA IMENEYI SI YACILENDO

Kulemba buku limodzi anthu ambiri kunayamba intaneti isanadze. M'caka ca 1879 James Murray, amene anali mphunzitsi wa sukulu, anapatsidwa nchito yokonza dikishonale yaikulu ya Cingerezi ya ku Oxford. Iye anapempha owerenga onse kuti amthandize. Munthu akapeza liu m'buku, anali kulilemba pamwamba pa kapepala, pansi pake nalemba dzina la bukulo, caka cake, tsamba lake, ndi ciganizo cimene liulo lipezekamo. Timapepala toteroto tinafika mamiliyoni, ndipo nchitoyo inatha m'caka ca 1928, Murray atamwalira kale. Cimene cinailimbitsa sikuculuka kwa othandiza kokha, koma lamulo lakuti kapepala kalikonse kanene kumene mau ake acokera.

Aphunzitsi a misyoni a dziko lino ndi la Malawi anacita mbali yao. Bungwe la ku London la International Institute of African Languages and Cultures linali kucititsa mipikisano ya zolemba m'zinenero za m'Afrika. Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa Misyoni ya Nkhoma, anatumiza nkhani yake ya Nthondo asanafike zaka 30, napambana. Bukulo linasindikizidwa m'caka ca 1933, ndipo T. Cullen Young analimasulira m'Cingerezi m'caka ca 1934. Pambuyo pake Ntara anayenda kwa akulu-akulu nasonkhanitsa mbiri zimene zinatuluka m'buku la Mbiri ya Acewa. Nkhani zitatu za John Kambalame, E. P. Chidzalo ndi J. W. M. Chadangalara, zolembedwera mipikisano yomweyo, zinamasulidwa ndi Young pamodzi ndi Dr Hastings Kamuzu Banda, ndi kutuluka m'caka ca 1946. Kuno ku Northern Rhodesia komiti yoyang'anira mabuku a Aafrika inayamba m'caka ca 1937, ndipo m'caka ca 1948 nchito yake inatengedwa ndi Publications Bureau ya maiko awiriwa, imene likulu lake linali ku Lusaka.

Kusiyana kwa masiku aja ndi ano nkumeneku. Kale wolemba anali kutumiza mapepala ake pa positi nadikira miyezi kuti akomiti awawerenge; anali iwo oyesa ngati zolembazo ziri zoona ndi zomveka. Lero cipata ciri cotseguka, ndipo nkhani ioneka ku dziko lonse pa mphindi yomweyo imene wolemba aipereka. Cotero katundu amene anali pa mapewa a komiti wagwera wolemba mwini.

KULEMBETSA DZINA

Kulembetsa nkwaulere. Munthu atsegula Wikipedia ya Cinyanja, imene cizindikiro cake ndi zilembo ziwiri ny, monga ya Citumbuka iri ndi tum, nafuna mau akuti Create account. Afunsidwa zinthu ziwiri: dzina limene afuna kudziwika nalo, ndi mau acinsinsi otsegulira. Imelo siikakamizidwa, koma wanzeru aiikapo, popeza ndiyo njira yobwezera mau acinsinsi akaiwalika. Dzina lolembetsedwa kamodzi ligwira nchito m'zinenero zonse, kotero kuti mphunzitsi wodziwa Cinyanja ndi Citumbuka angathe kuthandiza nkhokwe zonse ziwiri ndi dzina limodzi.

Pa kusankha dzina pafunika kudekha. Conse cimene munthu alemba cisungidwa m'kaundula wa tsambalo, pamodzi ndi dzina lake, tsiku ndi nthawi, ndipo aliyense akhoza kuciona ngakhale papite zaka. Cifukwa cake ambiri sagwiritsa dzina lao leni-leni, ndipo zimenezi nzololedwa. Koma dzina likhale la munthu mmodzi. Sikuyenera kulembetsa dzina la sukulu kapena la misyoni kuti aphunzitsi asanu azilowerapo onse, pakuti pakacitika colakwa sipadziwika woyankha. Mau acinsinsi asalembedwe pa cikuto ca buku la maina a ana, kapena kupatsidwa kwa mwana wotumidwa kukachaja foni ku msika.

Atalembetsa, mlendo asathamangire kulemba nkhani yaitali. Safunsa anadya phula. Ayambe wawerenga nkhani khumi zimene zilipo kale, akonze kalembedwe kolakwika apa ndi apo, aonjezere ciganizo cimodzi pamene pasowa. Potero aphunzira m'mene makinawo ayendera, ndipo olemba anzake ayamba kumdziwa ngati munthu wosamala.

MALAMULO ATATU

Lamulo loyamba ndi lakuti wolemba asatenge mbali. Citsanzo ciri pafupi. M'mwezi wa July 2022 njobvu 263 zinasamutsidwa kucokera ku nkhalango ya Liwonde kupita ku ya Kasungu, imene icita malire ndi Zambia. Pambuyo pake manyuzipepala analemba za minda yoonongeka ndi za anthu ophedwa ndi njobvu ku mbali zonse ziwiri za malire. Mphunzitsi amene mbale wake anataya cimanga ca caka cathunthu ali nao mau owawa mumtima, ndipo palibe angamdzudzule. Koma akalemba m'Wikipedia ayenera kunena zonse mwadongosolo: kuti ku Liwonde njobvu zinaculuka koposa malo ake, kuti ku Kasungu zinacepa cifukwa ca opha nyama mobisa, zimene alimi adandaula, ndi zimene oyang'anira nyama ayankha. Iye aika mbali zonse patsogolo pa wowerenga monga mboni ziima pa bwalo la mfumu, ndipo mlandu auweruza wowerengayo. Nkhani yotero iteteza alimi koposa nkhani yaukali, cifukwa palibe angaifafanize ponena kuti ndi yokondera.

Lamulo laciwiri ndi lakuti mfundo iriyonse ikhale ndi gwero limene munthu wina angathe kulifuna ndi kuliona. Ndi lamulo lija la kapepala ka Murray. Wolemba achula buku, mwini wake, caka ndi tsamba. Kapena nyuzipepala ndi tsiku lake. Kapena lipoti la Boma, monga la kalembera wa anthu wa 2022. Mau akuti anthu onse adziwa si gwero. Ndipo gwero liyenera kuyesedwa zaka zake: buku lolembedwa cisanafike caka ca 2018 silidziwa kuti Lumezi ndi Chasefu anapatulidwa ku Lundazi nakhala maboma paokha. Pa nkhani za anthu amoyo, monga mafumu, aphungu ndi abusa, lamuloli likula mphamvu. Mphekesera ya pa mowa ikalembedwa iononga dzina la munthu, ndiponso ingabweretse mlandu.

Lamulo lacitatu ndilo lobvuta kwa anthu a kuno: Wikipedia siilandira kafukufuku wa wolemba mwini amene sanasindikizidwe kwina. Ndiko kunena kuti zimene agogo anasimba pa moto, ngakhale ziri zoona, sizingalowe molunjika.

NANGA MAU A AKULU?

Pamenepa mphunzitsi angathe kufunsa kuti, nanga phindu liri pati, ngati mbiri ya midzi iri m'kamwa mwa nkhalamba, osati m'mabuku? Funsoli nloyenera, ndipo ena analifunsa kale. M'caka ca 2011 Achal Prabhala wa ku India anayesa njira yojambula mau a anthu a m'midzi ya ku India ndi ku South Africa kuti akhale ngati gwero. Koma njirayo siinakhale lamulo lobvomerezeka ndi onse. Cifukwa ca lamuloli ncomveka. Ngati aliyense aloledwa kulemba kuti agogo ake anatero, mabanja awiri olimbirana ufumu adzalemba mbiri ziwiri, ndipo wowerenga wa kutali sadzakhala nayo njira yosiyanitsira.

Yankho lake ndi kukhala ndi madengu awiri. M'dengu loyamba mulowe zimene zasindikizidwa kale, ndipo nzambiri kuposa m'mene anthu aganizira: mabuku a Ntara, zolemba za Harry Langworthy za ufumu wa Undi, malipoti a Boma, mabuku a mbiri za mipingo. Zimenezi zipite ku Wikipedia lero lomwe. M'dengu laciwiri mulowe mau a akulu. Mphunzitsi apite kwa nkhalamba mwaulemu, apemphe cilolezo, alembe dzina la wosimba, mudzi wake ndi tsiku, ndipo afunsenso nkhalamba yaciwiri ndi yacitatu za nkhani yomweyo. Zolembazo azitumize kwa akonzi a magazini, kwa osindikiza mabuku, kapena kwa anthu a ku yunivesite, kuti ena aziyese ndi kuzitulutsa. Zikatero zasanduka gwero, ndipo wolemba wina angazichule. Njirayi ndi yaitali, koma ndi yomweyo anayenda Ntara. Ndipo dengu laciwirili ndilo lofulumira, popeza buku lidikira pa shelefu zaka zana, koma nkhalamba siidikira.

Ziliponso zina zosayenera kulowa m'dengu liri lonse. Gule Wamkulu anazindikiridwa ndi UNESCO m'caka ca 2005, pamodzi ndi Vimbuza, ndipo zimene zioneka pa bwalo, monga pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika m'boma la Katete, zingalembedwe momasuka. Koma za kudambwe ndi za m'cinamwali ziri ndi eni ake. Cimene caikidwa pa intaneti sicibwezeka. Mphunzitsi woulula cinsinsi ca mudzi adzatsekera anzake onse makomo a nkhalamba.

ZA CINENERO

Pali ngozi imodzi imene yagwera zinenero zazing'ono. M'caka ca 2020 kunadziwika kuti nkhani zoposa 20,000 za m'Wikipedia ya Scots, cinenero ca ku Scotland, zinalembedwa ndi mnyamata mmodzi wa ku America amene sanali kucidziwa cinenerocho bwino. Iye anali ndi mtima wofuna kuthandiza, koma anangotenga ziganizo za Cingerezi nasintha mau amodzi-amodzi. Kwa zaka zambiri panalibe eni cinenero okwanira omuongolera, ndipo alendo owerenga anayesa kuti Scots ndi comweco.

Cinyanja cingagwe m'mbuna yomweyo. Makina a Google anayamba kumasulira Cicewa m'caka ca 2014, ndipo nkwapafupi kutenga nkhani ya Cingerezi, kuiponya m'makinawo, ndi kuipereka osaiwerenga. Zoturuka zake zikhala ndi mau a Cinyanja koma mafupa a Cingerezi. Coopsa ncakuti makina omasulira aphunzira kucokera ku zimene anthu alemba pa intaneti. Akadya Cinyanja copotoka, abweza copotoka koposa, ndipo ana adzacikopera m'makope ao. Muyeso wake ngwapafupi: wolemba awerenge nkhani yake mokweza pamaso pa munthu wamkulu wosadziwa Cingerezi. Pamene mkuluyo akwinya nkhope, pamenepo pafunika kulembanso. Ziganizo zisanu zomveka ziposa masamba asanu a makina.

Pa kalembedwe, aphunzitsi a kuno adzapeza kuti nkhani zambiri zitsata malamulo a ku Malawi, kumene alemba ch pamene masukulu a Zambia alemba c, ndi tch pamene kuno alemba ch. Malawi anakhazikitsa malamulo ake m'caka ca 1973, ndipo Unduna wa Maphunziro wa Zambia unabvomereza ake m'caka ca 1977. Palibe wolakwa pa awiriwa, ndipo sicinthu colimbirana. Wokonza nkhani ya mnzake atsate kalembedwe kamene wakapeza, ndipo nkhani imodzi isasakanize mitundu iwiri.

KUPEREKA NKHANI

Popeza netiweki ya kuno ibwera ndi kupita, ndipo mabandulo adya ndalama, nkwabwino kulemba nkhani yonse m'kope poyamba, magwero ake ali m'mbali. Ciganizo coyamba cinene cinthuco ndi kumene ciri, mopanda zokometsera. Mwacitsanzo: Nkhalango ya Lukusuzi ndi malo a Boma osungirako nyama m'Cigawo ca Kum'mawa ca Zambia, ku mapiri a kum'mawa kwa cigwa ca Luangwa, inakhazikitsidwa m'caka ca 1972, ndipo ukulu wake ndi masikweya kilomita pafupifupi 2,700. Zotsatira zake zibwere m'timagawo, ciriconse ndi mutu wake. Wolemba ayambe wafufuza ngati nkhaniyo ilipo kale pansi pa dzina lina, kuti asamange nkhokwe yaciwiri pambali pa yoyamba. Kenaka ailembe pa tsamba lake loyeserera, aione m'mene idzaonekera, alembe mzere umodzi wofotokoza cimene wacita, ndi kuipereka.

Wopereka adziwe cimene abvomera. Nkhaniyo ituluka pansi pa cilolezo cochedwa Creative Commons, cimene cilola munthu aliyense kuikopera, kuisintha ndi kuisindikiza, malinga achule kumene waitenga ndi kupatsa ena ufulu womwewo. Cifukwa cake sikuloledwa kukopera ndime za m'buku la munthu wina. Wolemba atenge mfundo, koma mau akhale ake. Zithunzi nazonso zikhale zojambula yekha, ndipo nkhope za ana a sukulu zisaikidwe popanda cilolezo ca makolo.

Cotsiriza ndico cobvuta kwa munthu wozolowera coko cofiira. Mphunzitsi akhala caka conse akukonza zolemba za ena. Kuno adzadzuka m'mawa napeza kuti munthu wosamdziwa, kapena wa ku Lilongwe kapena wa ku Tete, wasintha ciganizo cake. Asapse mtima ndi kubwezera mwamsanga. Nkhani iriyonse iri ndi tsamba la zokambirana kumbuyo kwake. Apite kumeneko, afunse mwaulemu, aonetse gwero lake. Akakhala wolondola, zolemba zake zakale zilipo m'kaundula ndipo zibwezeka. Akakhala wolakwa, wapindula mphunzitsi waulere. Mutu umodzi susenza denga.

PEMPHO KWA BUNGWE

Mitu yoyambira siisowa: mtsinje wa Lukusuzi ndi wa Lundazi, nkhalango ya Luambe, nyumba ya malinga ya pa boma la Lundazi imene Errol Button anamangitsa, yotha m'caka ca 1952, ufumu wa Mwase, pangano la 2015 la Zambia ndi Malawi losamalira pamodzi nkhalango za m'malire, ulimi wa nshawa ndi thonje, malungo ndi kapewedwe kake. Pempho ndi lakuti sukulu iriyonse isankhe mutu umodzi pa teremu, mphunzitsi mmodzi alembe, waciwiri ayese magwero, wacitatu awerenge mokweza pamaso pa akulu. Mlembi wa bungwe asunge mndandanda wa mitu kuti awiri asalime mzere umodzi, ndipo pa msonkhano wotsatira nkhanizo ziwerengedwe pamaso pa onse. Masukulu khumi akacita cotero, pakutha pa caka padzakhala nkhani makumi atatu zimene lero kulibe.

Ciwerengeroco ncocepa pociyerekeza ndi mamiliyoni a Cingerezi, koma mwana wofuna za mtsinje wa kwao safuna mamiliyoni. Afuna tsamba limodzi loona, lolembedwa m'mau amene iye awamva. Mulungu amene anapatsa mtundu uli wonse lilime lake adalitse manja amene adzayamba nchitoyi.